Mwana wa Mfulu Apatsa Yekha

Aliyense amene anadutsapo mumsewu wa Makata kusanache bwino amawadziwa anthu oima pa mageti a mafakitale. Ambiri amatsika kuchokera ku Ndirande, ena ku Chilomoni, ena amayenda wapansi kuchokera ku Machinjiri, kudzadikira ganyu yonyamula matumba kapena yotsitsa katundu m'malole. Geti likatseguka pang'ono, kapitawo amatuluka n'kuyamba kuloza: iwe, iwe, ndi iwe wa malaya ofiirawe. Otsala amauzidwa kuti ayesenso mawa. Palibe amene amauzidwa chifukwa chake, koma onse amachidziwa. Malo ndi ochepa, ndipo chala chimagwera wa minofu, wodziwika, kapena amene analonjeza kusiyako kangachepe madzulo.

Anthu omwewa ndi amene amakhala pa mabenchi a tchalitchi Lamulungu. Tsono mlaliki akatsegula kalata ya Paulo kwa Aefeso, n'kunena kuti Mulungu anasankhiratu anthu ake dziko lisanalengedwe, chimene chimawabwerera m'maso ndi geti lija ndi chala chija. Musadabwe mnyamata akaimirira pa mlaga, nkhope ili gwaa, n'kufunsa kuti: "Abambo, ngati mayina analembedwa kale, ife tikuvutikiranji? Wolembedwa adzalowa ngakhale azigona kumowa. Wosalembedwa adzabwezedwa ngakhale asale kudya mpaka kuuma." Akulu ena amamukalipira, amati feloshipu yamusokoneza mutu. Ine sindimukalipira. Safunsa anadya phula, ndipo ili ndi funso la munthu amene anabwezedwapo pa geti kunyumba atasiya ana ndi njala.

Kuno mkanganowu umamveka pa siwa, usiku, amuna atazungulira moto amayi akuimba m'nyumba. Umamveka pa bawo ndi mu minibasi. Wina amati Mulungu sakakamiza munthu, Yesu anafera aliyense, chatsala n'chakuti iwe upange chisankho lero lomwe. Amatchula Yoswa wouza Aisraeli kuti asankhe amene adzamutumikire, amatchula kalata yoyamba kwa Timoteo yonena kuti Mulungu amafuna anthu onse apulumuke. Mnzake amayankha kuti wakufa angasankhe chiyani, Lazaro anachita kuitanidwa ali m'manda. Amatsegula Aroma mutu 9, pamene Yakobo akukondedwa iye ndi Esau asanabadwe, ndi pamene woumba mbiya ali ndi mphamvu pa dothi lake. Onse awiri ali ndi Buku Lopatulika lomwelo limene tinalandira mu 1922, ndipo palibe amene akupeka vesi.

Chalaka bakha nkhuku singatole, ana anga. Nkhaniyi inatopetsa anthu amene anathera moyo wawo wonse m'mabuku. Inayamba kutentha kuno ku Africa. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anaphunzitsa kuti mtima wa munthu ndi wodwala kotero kuti sungafune Mulungu pokhapokha Mulungu atayamba kuuchiritsa. Pelagius, wochokera ku Britain, ataona kutayirira kwa Akhristu a ku Roma, anati chiphunzitso chotere chimalera ulesi, pakuti Mulungu sangalamule chinthu chimene munthu sangathe. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana Pelagius. Patapita zaka zoposa 1,000, John Calvin ku Geneva anaunola mpeni uja mpaka kuthwa mbali zonse: ena anakonzedweratu moyo, ena chiwonongeko. Iye mwini anavomera kuti ndi chigamulo choopsa. Jacobus Arminius, mphunzitsi wa ku Leiden amene anamwalira mu 1609, anati chisomo chimadza kwa onse koma munthu atha kuchikana. Omutsatira anazengedwa mlandu pa sinodi ya ku Dordrecht mu 1618 ndi 1619, ndipo abusa pafupifupi 200 anachotsedwa pa ntchito. Ku Britain anamanga mfundo za Calvin m'chivomerezo cha Westminster, chimene mpingo wa ku Scotland unalandira mu 1647.

Zonsezi zinafika kwathu ndi mapazi a anthu. Mishoni ya Blantyre, pamtunda pomwepa poyandikana ndi Makata, inakhazikitsidwa mu 1876 ndi mpingo wa ku Scotland womwewo. A Dutch Reformed, ana a sinodi ya ku Dordrecht, anafika ku Mvera mu 1889. Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana mu 1924 kukhala CCAP, Nkhoma ya a Dutch Reformed aja inalowa mu 1926. Mbali inayo nayo inali kale m'dziko: a Seventh-day ku Malamulo kuyambira 1902, kenako a Assemblies of God, onse olalikira kuti munthu ali ndi ufulu wolandira kapena kukana. M'zaka za m'ma 1970 anyamata ndi atsikana anayamba kulalikira za kubadwa mwatsopano m'misika ndi m'misewu ya Blantyre, ndipo m'chitsitsimutso chimenecho munaphuka mipingo yatsopano, monga Living Waters ya a Stanley Ndovie mu 1985. Lero m'nyumba imodzi ya ku Makata mupeza agogo a Mvano, mwana wawo wa Pentekoste, ndi mdzukulu amene amapita m'mawa uku, masana uko. Mkangano wa ku Dordrecht umadya nawo nsima m'mbale imodzi.

Ine ndaima apa: amene amayamba ndi Mulungu. Akale anati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Chipulumutso chikanakhala malipiro a chisankho changa, bwenzi ndikupita kwa Mulungu ngati wokatenga ngongole yake, ndipo bwenzi ndili ndi chifukwa choyang'anira pansi mbale wanga amene sanasankhe. Koma mvetserani mmene anthu amapempherera. Sindinamvepo mayi, wa mpingo uliwonse, akugwada kupempherera mwana wake womwa kachasu n'kumati, "Ambuye, lemekezani ufulu wake." Amati, "Ambuye, mugwireni, mutembenuzeni mtima." Ndipo amene anatembenuka akamapereka umboni, ngakhale mu tenti ya chitsitsimutso, amati Yesu anandipeza. Pakamwa pokangana pamanena china, koma mawondo a Akhristu onse amavomereza kuti dzanja loyamba kutambasuka ndi la kumwamba.

Chimene ndimakana ndi chakuti dzanjalo likufanana ndi chala cha kapitawo. Yesu anasimba fanizo la mwini munda wamphesa wofuna aganyu, pa Mateyu mutu 20, ndipo munthu wa ku Makata ndiye woyenera kulimva bwino kuposa mphunzitsi wa ku Leiden. Mwini mundayo anapita pabwalo m'mamawa, anabwereranso dzuwa litakwera, anabwereranso masana, mpaka dzuwa litapendeka. Amene anawapeza komalizira ndi aja amene palibe anawalemba tsiku lonse. Inu mukuwadziwa anthu otsala pa geti nthawi imeneyo: okalamba, otsokomola, achilendo opanda wowadziwa. Anawatenga, ndipo madzulo anawapatsa ndalama yofanana ndi ya oyamba aja. Kapitawo amasankha chifukwa malo ndi ochepa ndipo amayang'ana chimene munthu angamupindulire. M'Malemba monse kusankha kwa Mulungu kumagwera wamng'ono, wosabereka, kapolo, wokhometsa msonkho. Aisraeli anauzidwa poyera kuti anasankhidwa ali ochepa kuposa mitundu yonse, ndipo Abrahamu anaitanidwa kuti mafuko onse adalitsidwe kudzera mwa iye. Wosankhidwa amasankhidwira ena.

Ndisakunamizeni kuti pamenepa minga yatha. A ku Dordrecht ananena mosabisa kuti pali ena amene Mulungu anawalambalala, ndipo mawu amenewo alasa mitima yambiri. Analasanso ana a Calvin enieniwo. Mu 1831 mpingo wa ku Scotland unachotsa m'busa John McLeod Campbell chifukwa chophunzitsa kuti Khristu anafera anthu onse. Iye anaona nkhosa zake zikukhala mwamantha, aliyense akudzifufuza ngati ali m'gulu la osankhidwa, osalimba mtima kunena kuti Mulungu amandikonda. Koma mawu a akulu akoma akagonera. Mu 1879 mpingo wa United Presbyterian, kumene kunachokera Robert Laws wa ku Livingstonia, unalengeza kuti chiphunzitso cha kusankha chiyenera kugwiridwa pamodzi ndi chikondi cha Mulungu pa anthu onse, kuti chipulumutso chimaperekedwa moona mtima kwa aliyense, ndi kuti palibe wokakamizidwa kukhulupirira kuti khanda lomwalira latayika. Mpingo wa Free Church unachitanso chimodzimodzi mu 1892. M'dziko limene amayi ambiri aika makanda m'manda ngati lathu lino, mfundo yomalizayi njofunika kuinena mokweza. Ine ndimatsata akulu amenewo. Wopulumuka aloze kwa Mulungu, wotayika asaloze kwa Mulungu, pakuti choipa chitsata mwini.

Wina andiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, sankhani limodzi achikulire. Koma Paulo mwini wake anagwira zonse ziwiri pa ulendo umodzi. Pa Machitidwe mutu 27 ali m'chombo cha anthu 276, namondwe atawazunza masiku ambiri, iye anawauza kuti Mulungu walonjeza kuti palibe adzafe. Posakhalitsa amalinyero anafuna kuthawa pa kabwato, ndipo Paulo yemweyo anachenjeza asilikali kuti anthu awa akachoka, enanu simupulumuka. Kenako anawauza onse kuti adye kuti apeze mphamvu. Lonjezo linali lokhazikika, komabe linadzera m'manja mwa amalinyero, m'chakudya, ndi m'matabwa amene osadziwa kusambira anagwira. Chivomerezo cha Westminster chomwe chimanena kuti chikonzero cha Mulungu sichithyola chifuniro cha munthu ndipo sichichotsa zifukwa zimene zinthu zimachitikira. Amene anakhulupirira zimenezi sanakhale pansi kudikira. Anawoloka nyanja, anamanga sukulu ndi zipatala, ndipo mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa kuti akaitane anthu a kwawo.

Apa ndi pamene ana athu a ku feloshipu ali ndi mfundo, ndipo akulufe tiyenera kuimva. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene angalape m'malo mwa mnzake. Mipingo yakale inazolowera munthu wobatizidwa ali khanda, wolowa kalasi chifukwa msinkhu wakwana, woloweza mayankho a katekisimu, amene mpaka imvi sanafunsidwepo ngati iye mwini amamukonda Yesu. Alaliki a m'misika aja anafunsa funso limenelo, ndipo amuna ambiri anasiya kumenya akazi awo chifukwa cha funsolo. Pagule fumbi ndiwe mwini.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chisankho chija ena achisandutsa malonda. Akuti kweza dzanja, bwera kutsogolo, bwereza mawu awa, basi zatheka. Mawa akuti feza mbewu ya ndalama kuti Mulungu akutsegulire khomo. Zikapanda kutheka, mlandu umagwera wosauka yemweyo: chikhulupiriro chako n'chochepa. Mayi wodwala khansa amachoka kumapemphero atasenza katundu wachiwiri, wakuti wadzidwalitsa yekha posakhulupirira mokwanira. Chilichonse chikakhala pa mphamvu ya kufuna kwanga, tsiku limene ndafooka ndilibe pogwira. Gogo amene nzeru zayamba kumuthawa, woiwala ngakhale dzina la mwana wake, chisankho chake chili kuti? Ngati chipulumutso chake chikudalira mmene iye wagwirira Mulungu, watayika. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye wamugwira, ndipo chitonthozo chimenechi ndi chimene akale aja ankateteza ngakhale ankachinena ndi mawu olimba.

Pali mawu ena amene amayenda m'makwalala athu ngati kuti ndi mwana wa chiphunzitsochi: "zinalembedwa," "inali nthawi yake." Mawuwa ndimawalemekeza pa chifukwa chimodzi. Kwathu kuno imfa siichedwa kufunidwa mwini wake. Mu Januwale 2016 ku Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo, poziganizira ufiti mtsikana atafa ndi mphenzi. Pa maliro pamene mkulu wina wanena msanga kuti masiku a munthu ali m'manja mwa Mulungu, nthawi zambiri pamakhala papulumuka gogo wina amene anyamata anayamba kale kumuyang'ana ndi diso lofiira.

Koma mawu omwewo amasanduka bulangete lofundira milandu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo kuno ku Ndirande madzi anakokolola nyumba ndi anthu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pa maliro ambiri tinamva kuti chinali chikonzero cha Mulungu. Chakudza sichiimba ng'oma, n'zoona, koma ichi chinaimba. Azanyengo anachenjeza. Mitengo ya m'mapiri athu tinaidula tokha, phiri la Ndirande linameteka ife tikuona. Osauka anamanga m'zigwembe ndi m'mphepete mwa Nasolo ndi Mudi chifukwa malo abwino sangawakwanitse, ndipo amene anayenera kuwapezera malo sanatero. Kuika zonsezi pa Mulungu ndi kumunamizira. Chiphunzitso cha kusankha chimanena za mmene wochimwa amalandiridwira ndi Mulungu. Sichinanenepo kuti tisadzale mitengo, tisamwe mankhwala otalikitsa moyo, kapena kuti dalaivala woledzera asafunsidwe. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Choopsa kuposa zonse ndi munthu amene wadziwerenga yekha m'gulu la osankhidwa n'kuyamba kuwerenga amene ali kunja. Makolo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela anakaziona ndi maso. Mu 1857 sinodi ya Dutch Reformed ku Cape inalola kuti azungu ndi anthu akuda azipemphera ndi kudya Mgonero mosiyana, ndipo patapita zaka ena anadzitcha mtundu wosankhidwa n'kudalitsa tsankho lolamulidwa ndi boma kuyambira 1948. Zinatengera ana a mwambo womwewo kuwadzudzula: msonkhano wa mipingo ya Reformed ku Ottawa mu 1982 unati kuikira kumbuyo tsankho ndi chiphunzitso chonyenga, ndipo chivomerezo cha Belhar chinalandiridwa mu 1986. Chiphunzitso chimene chinayenera kuphwanya kudzikuza, pouza munthu kuti alibe chimene anabweretsa, chinagwiritsidwa ntchito kumanga mpanda.

Ifenso tili ndi timipanda tathu. Wina amati amene sanalankhule malilime sanapulumuke. Wina amati wosasunga tsiku lakutilakuti ali kunja. Wina amayang'ana galimoto yake n'kumati ndine wokonderedwa, ngati kuti woyenda wapansi kuchokera ku Bangwe Mulungu anamuiwala. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Buku la moyo silinaperekedwe kwa m'busa, kwa mneneri, kapena kwa mlembi wa mpingo. Ngakhale Calvin analangiza kuti munthu asafufuze kusankhidwa kwake m'zinsinsi za Mulungu koma ayang'ane kwa Khristu, ndi kuti anzathu tiwaweruze mwachikondi. Mnyamata wofunsa pa mlaga uja ndimamuuza zomwezo: usayambe ndi kufunsa ngati dzina lako lilimo. Waitanidwa, bwera. Njala imene uli nayo yofuna Mulungu sunaipange wekha.

Mpanda umene umandisowetsa tulo ndi wa pa maliro. M'mipingo yathu yambiri, yakale ndi yatsopano yomwe, munthu akamwalira timayamba tatsegula kaundula: kodi anali wodulidwa, kodi ankapereka, kodi khadi lake lili bwanji. Zikapezeka kuti sizili bwino, maliro amayenda opanda nyimbo, amayi a mpingo osavala yunifolomu, mlaliki n'kutenga mtembo ngati chitsanzo choopsezera amoyo. Mwambo wa mpingo ndi wofunika, ndipo ine sindinena kuti chilango chithe. Chilango chimaperekedwa kuti munthu abwerere. Womwalira sangabwererenso ku bwalo la akulu, tsono amene timawalanga tsiku limenelo ndi mkazi wamasiye ndi ana, amene amapita kwawo atamva kuti bambo awo Mulungu anawakana. Ndani anatiuza zimenezo? Ngati timakhulupirira kuti Mulungu ndiye amasankha, tilibe mphamvu yotseka chitseko. Ngati timakhulupirira kuti munthu atha kutembenuka nthawi iliyonse, sitinali naye mumtima usiku wake womaliza m'chipatala. Chigawenga chopachikidwa pambali pa Yesu chinalibe khadi. Mbali zonse ziwiri za mkangano uja, zikatsatidwa moona, zimatiletsa kugamula.

John Wesley ndi George Whitefield anakangana pa nkhani yomweyi mpaka kugawana anthu mu 1741, Wesley akuti chisomo n'cha onse, Whitefield akuti n'cha osankhidwa. Palibe amene anagonja kwa mnzake. Koma Whitefield atamwalira mu 1770, amene analalikira pa mwambo womukumbukira ku London anali Wesley, monga mwini wake anafunira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikupempha abusa ndi akulu anzanga a m'Makata, a ku Ndirande ndi a ku Zingwangwa kuti nkhani ya maliro a odulidwa tiibweretse pa misonkhano yathu chaka chino. Mbiri ya womwalira inenedwe moona, popanda kumuyeretsa ndi bodza, koma nyimbo ziimbidwe, Mawu awerengedwe, ndipo amayi a mpingo akagone pa siwa ndi mnzawo woferedwayo monga amachitira kwa wina aliyense.